Mpeni wa masaya anayi

Malume anga, amene akhala mumzinda wa Leeds ku England kwa zaka zoposa 30, sanandipatse mpeniwo nthawi yomweyo. Anayamba ayala kansalu patebulo, nazimitsa getsi lalikulu la pabalaza n'kusiya kanyale kamodzi kapambali. Kenako anausolola m'chimake pang'onopang'ono n'kundipatsira atagwira kunsonga, chigumbu chikuloza kwa ine.

"Usathamangire kuyesa kuthwa kwake, mphwanga," anatero. "Loza nsongayo kunyaleko, utsinzine diso limodzi, uone mzere wapakatiwo."

Ndinachita momwemo. Kuchokera pachigumbu kukafika kunsonga kunali kamsana kowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Nditautembenuza, kuseri kunali chimodzimodzi. Kuwala kwa nyale kunagawika pawiri pakamsanapo, tsaya lina kuti mbee, linalo kuti bii, ndipo nditaupendeketsa pang'ono kuwala ndi mdima zinasinthana malo nthawi imodzi, popanda kachigamba kotsalira. Pachala changa cha mkombaphala, pamene chigumbu chikumana ndi chitsulo, mpeniwo unakhala phee, osagwera kutsogolo kapena kumbuyo.

"Malume, zimenezi ndi makina?"

"Manja amenewo. Mmisiri wina wa ku South Africa. Anandiuza kuti anataya iwiri asanatulutse umenewu."

Mpeni wamtunduwu Angerezi amautcha dagger. Ndi wakuthwa konsekonse, mbali zake ziwiri n'zofanana, ndipo nsonga yake ili pakatikati penipeni. Mipeni imene tinakula nayo, wa kukhitchini, wosendera nyama, Okapi wopinda uja amene ambiri anabwera naye kuchokera ku Joni, yonse ili ndi msana wobuntha mbali imodzi ndi kukamwa kwakuthwa mbali inayo. Wopanga mpeni wotero amapala masaya awiri okha. Akalakwitsa pang'ono, tsaya lina likakwera kuposa linzake, palibe amene angaone, chifukwa munthu sangayang'ane masaya onse awiri nthawi imodzi. Dagger ali ndi masaya anayi, awiri kumaso, awiri kuseri, ndipo awiri alionse amakumana pakamsana kaja diso likuona. Dzanja likanjenjemera kamodzi pa lamba wopalira, kamsanako kamakhota. Mmisiri akati akonze popala mbali inayo, mpeni umachepa uku n'kutsala wonenepa uko, nsonga n'kuchoka pakati. Akapitiriza kukonza, amangozindikira kuti chitsulo chatha.

Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira wosula zitsulo wa m'mudzi mwathu, amene ankasula mipeni, nkhwangwa ndi makasu kuchokera ku masipuling'i a galimoto zakutha. Tinkakhala kuchipala kwake kumupopera mvukuto, iye akutembenuza chitsulo pamakala mpaka chitafiira. Mipeni yake inali yolimba, koma sinkafanana ngakhale iwiri, ndipo palibe ankadandaula, poti chofunika chinali choti idule. Pa dagger mlandu wake ndi wina. Kudula kokha sikukwanira. Chilichonse chimene dzanja la mmisiri linachita chimakhala poyera, ndipo ine ndikukhulupirira kuti pamenepa ndi pamene pagona chikoka chake kwa anthu osonkhanitsa mipeni. Ndi mpeni umene wopanga alibe pobisala.

Madagger amakono a asilikali, amene amalonda amawalemba kuti tactical, pafupifupi onse ndi adzukulu a mpeni umodzi. Nkhani yake imayambira ku Shanghai, ku China, kumene Mngerezi wina dzina lake William Ewart Fairbairn analowa upolisi mu 1907. Mzindawo unali wa doko, wodzaza ndi magulu a zigawenga, ndipo Fairbairn anaphunzira jujutsu ndi nkhonya za Chitchaina kuti apulumuke m'misewu yake, kenako n'kumaphunzitsa apolisi anzake. Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi Eric Anthony Sykes, katswiri wa mfuti. Mu 1940, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itavuta, awiriwa anabwerera ku Britain n'kukayamba kuphunzitsa makomando ku Lochailort, m'mapiri a ku Scotland. Mu Novembala chaka chomwecho anapita ku kampani ya Wilkinson Sword ku London ndi maganizo a mpeni umene ankaufuna, ndipo kumayambiriro kwa 1941 mipeni yoyamba ya Fairbairn-Sykes inali m'manja mwa asilikali.

Mpeniwo ndi wowonda, chitsulo chake chodulira n'chotalika pafupifupi masentimita 17, ndipo chimanka chichepa kuyambira pachigumbu mpaka kunsonga ngati tsamba la nsungwi. Chigumbu chake n'chobulungira, chonenepa pakati ngati botolo laling'ono. Osonkhanitsa amaugawa m'mibadwo itatu. Mbadwo woyamba unkapalidwa pamanja, chigumbu chake chinali cha mkuwa chokhala ndi timizere topingasana kuti chisaterere, ndipo kachitsulo kotchinjiriza zala kanali kopindika ngati chilembo cha S. Pamwamba pa kachitsuloko pankasiyidwa kamalo kosapala, pamene ankadindapo dzina la kampani mbali imodzi ndi zilembo za F-S mbali inayo. Nkhondo itafuna mipeni yambiri mofulumira, mbadwo wachiwiri unataya kamalo kaja ndipo chotchinjiriza zala chinawongoka. Wachitatu, umene unachuluka kwambiri, unkatuluka m'mafakitale osiyanasiyana makamaka a ku Sheffield, chigumbu chake chochita kuumba m'chikombole, cha mizere yozungulira ngati mphete. Munthu akaika itatuyi pamodzi patebulo amaiona nkhondoyo ikukula: luso la manja likucheperachepera, liwiro likukwera.

Nkhondo itatha, yambiri yotsala inagulitsidwa ku America, ndipo inadindidwa mawu akuti ENGLAND pachotchinjiriza zala chifukwa lamulo la kumeneko linkafuna kuti katundu wakunja aonetse kumene wachokera. Lero chithunzi cha mpeniwu chili pa mabaji a makomando a ku Britain ndi a mayiko ena angapo, ndipo ku Sheffield akuupangabe.

Koma unali ndi zilema zake, ndipo asilikali sanachedwe kuziona. Nsonga inali yopyapyala kwambiri. Msilikali ali kutchire amafuna kutsekula chitini cha nyama, kutokosa bokosi, kudula chingwe, ndipo ambiri anaona nsonga ikuthyoka pantchito zoterezi. Chigumbu chobulungira chinkazungulira m'dzanja, moti mumdima munthu sankadziwa kumene kukamwa kwaloza. Mbiri yonse ya dagger wamakono ndi ya anthu amene akhala akulimbana ndi zilema ziwirizi popanda kuwononga maonekedwe aja.

Anthu a ku America anayamba kulimbana nazo nkhondo ili mkati. Gulu la asilikali a America ndi Canada lotchedwa First Special Service Force linali ndi wake, V-42, wopangidwa ndi kampani ya Case ya ku Bradford, m'chigawo cha Pennsylvania. Chigumbu chake chinali cha timagawo ta chikopa tosanjikizana, ndipo m'munsi mwa chitsulo anagobamo kamalo kamizeremizere koikapo chala chachikulu, kuti dzanja lizidziwa lokha mmene mpeni wagonera. Anapangidwa masauzande ochepa chabe, n'chifukwa chake weniweni ndi wosowa kwambiri. Asilikali a Marine Raiders nawo anali ndi wawo wochokera ku kampani ya Camillus, koma chigumbu chake anachiumba ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu, ndipo pakupita kwa zaka ambiri a iwo anayamba kung'aluka n'kumanyenyeka okha ali m'kabati. Wosonkhanitsa amene ali ndi wathunthu amausamala ngati dzira.

Mu 1966, pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, kampani ya Gerber ya ku Portland, Oregon, inatulutsa Mark II, wolinganizidwa ndi Bud Holzman, amene anapuma usilikali ali kaputeni. Chitsulo chake n'choning'a pakati ngati mavu, kenako n'kufutukuka chisanafike kunsonga. Oyambirira anali opendekeka madigiri 5 kuchokera pachigumbu, mwadala, ndipo ogula ambiri ankawabweza poganiza kuti ndi opindika. Kampani inasiya kuwapendeketsa. Lero opendekeka omwewo ndiwo osonkhanitsa amawasakasaka. M'zaka za m'ma 1970, anthu atatopa ndi nkhondo ija, Gerber inaika mano ngati a sowo m'chiuno mwa mpeniwo n'kumaugulitsa ngati wodzithandizira munthu akasochera kutchire.

Amene anakonza bwino koposa, mmene ine ndikuonera, ndi Rex Applegate, msilikali wa ku America amene anagwira ntchito ndi Fairbairn yemwe pa nthawi ya nkhondo. Mpeni wotchedwa Applegate-Fairbairn, umene unayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1980, Fairbairn atamwalira kale mu 1960, uli ndi chitsulo chachifupiko, pafupifupi masentimita 15, koma chotakata ndi chonenepa mpaka pafupi ndi nsonga. Chigumbu n'chaphanthiphanthi, sichizungulira m'dzanja, ndipo mkati mwake muli tizitsulo tolemera tothandiza kuti kulemera kukhale m'chikhatho. Kampani ya Böker ya ku Solingen, mzinda wa mipeni wa ku Germany, yaupanga kwa zaka zambiri, ndi masiginecha a amuna awiriwo atalembedwa pachitsulo. Mmisiri amene anagwira ntchito ndi Applegate pa mipeni yake, Bill Harsey wa ku Oregon, ndi yemwenso analinganiza dagger amene kampani ya Spartan Blades ya ku North Carolina imapanga masiku ano. Kampaniyi anaiyambitsa ndi asilikali awiri opuma a gulu la Special Forces. Ndiye kuti kuchokera ku Shanghai kukafika pa mpeni wogulidwa chaka chino pali mzere wa anthu amene anadziwana ndi kupatsirana nzeru pamaso.

Chimene chasintha kwambiri ndi chitsulo. Cha Fairbairn-Sykes chinali chitsulo wamba cha kaboni, chakuthwa bwino koma chochita dzimbiri chikangogona ndi chinyezi. Zitsulo zamakono zodula zimapangidwa mwa njira ina. Chitsulo chikasungunuka, sachithira m'chikombole chachikulu kuti chizizire pang'onopang'ono, chifukwa potero tinthu tolimba ta mkati mwake timaundana malo amodzi ngati mibulu m'nsima yophikidwa mothamanga, ndipo pamene pali mbulu ndi pamene mpeni umabenthukira. M'malo mwake amachipemerera ndi mpweya wamphamvu mpaka chisanduke ufa wosalala, kenako ufawo amaupanikiza pamoto waukulu kuti ugwirane n'kukhalanso chitsulo chimodzi. Zotsatira zake ndi chitsulo chofanana paliponse, chosunga kuthwa nthawi yaitali, chosathyoka msanga. Chimodzi chodziwika ndi CPM S35VN, chimene kampani ya Crucible ya ku America inatulutsa mu 2009 mothandizana ndi Chris Reeve, mmisiri wobadwira ku Durban amene anasamukira ku Idaho. Mu 2021 kunabwera MagnaCut, cholinganizidwa ndi katswiri wa zitsulo Larrin Thomas, chimene chinadabwitsa anthu pophatikiza kulimba ndi kukana dzimbiri.

Komabe chitsulo chabwino chimawonongeka pa moto woipa. Mpeni ukapalidwa umalowa m'ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 1,000, kenako umaziziritsidwa mwadzidzidzi. Ena amauviika mu nayitrojeni wamadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, kenako n'kuutenthanso pang'ono kawiri kuti usakhale wophweka kusweka ngati galasi. Apa ndi pamene dagger amaliza amisiri ambiri misozi. Ngati tsaya limodzi linatsala lonenepa pang'ono kuposa anzake, limazizira mochedwa, ndipo mpeni umatuluka utakhota ngati nthochi. Ntchito ya sabata yathunthu imathera m'bini.

Zigumbu nazo zasintha. Zambiri ndi za Micarta, nsalu zosanjikizana zoviikidwa m'guluu wolimba n'kupanikizidwa mpaka kukhala ngati mtengo, ndipo ubwino wake ndi wakuti ikanyowa imagwira dzanja kwambiri m'malo moterera. Chitsulo chimadutsa m'chigumbu monse mpaka kumapeto, kuti mpeni usathyokere pakhosi. Chimake nthawi zambiri ndi cha pulasitiki yolimba yotchedwa Kydex, youmbidwa pa mpeni womwewo, moti ukalowa umamveka kuti khe, osagwa ngakhale atauzondotsa.

Pali chimodzi chimene sindigwirizana nacho. Mawu akuti tactical asanduka nyambo ya malonda. Mashelefu adzaza ndi mipeni yopakidwa utoto wakuda, ya mano, ya mabowo, ya zithunzi za zigaza, yopangidwa ndi chitsulo chosadziwika dzina. Utoto wakuda uli ndi chifukwa chake, umaletsa kunyezimira ndipo umateteza ku dzimbiri, koma umabisanso zolakwa za wopala. Malume anandionetsa umodzi wotere umene anagula ali wongoyamba kumene. Pansi pa nyale ija kamsana kake kanayenda bwino mpaka pakati, kenako n'kupatuka ngati njira yolambalala chulu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Amisiri enieni amadziwa kulemera kwa mpeniwu, ndipo umboni wake uli m'mayeso awo. Bungwe la American Bladesmith Society, limene linakhazikitsidwa mu 1976 motsogozedwa ndi Bill Moran, limapereka udindo wa Master Smith kwa wosula amene wapambana mayeso awiri. Oyamba ndi a mphamvu: mpeni wake udule chingwe cholendewera kamodzi kokha, udule thabwa kawiri, ukhalebe wakuthwa mometa ubweya wa pamkono, kenako aupane n'kuupinda mpaka madigiri 90 osathyoka. Achiwiri ndi a diso. Amabweretsa mipeni 5 pamaso pa oweruza, ndipo umodzi mwa iyo ayenera kukhala dagger wa chitsulo cha damascus, chosulidwa popinda ndi kuphatikiza zitsulo zamitundu iwiri mpaka magawo osachepera 300, chigumbu chake chogobedwa mizere yopotana yoyalidwa waya. Pa damascus mavuto amawirikiza, chifukwa maluwa a m'chitsulomo nawonso ayenera kufanana mbali zonse za kamsana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuno kum'mwera kwa Africa ena mwa amene anapambana mayesowa ndi Kevin Harvey ndi mkazi wake Heather, amene ali ndi chipala chawo ku Belfast m'chigawo cha Mpumalanga ndipo amaphunzitsa ena kusula. Chaka chilichonse mu Juni amisiri ndi ogula amasonkhana ku Blade Show mumzinda wa Atlanta, ndipo mipeni ya amisiri otchuka imatha m'maola oyambirira.

Kumene kuli ndalama kuli akathyali. Fairbairn-Sykes weniweni wa mbadwo woyamba amagulidwa mapaundi masauzande, choncho pali anthu amene amatenga watsopano, kumudinda zilembo zakale, kumukwirira kuti achite dzimbiri, n'kumugulitsa ndi nthano ya msilikali amene anamutenga ku nkhondo. Wosonkhanitsa wanzeru amayang'ana kakhalidwe ka zilembo, kanati kakumapeto kwa chigumbu, kasokedwe ka chimake. Amadziwanso kuti mpeni wakale saupukuta ndi sandipepa kuti uwale. Kuda kwake ndi mbali ya mtengo wake, ndipo wouyeretsa amakhala wataya ndalama ndi mbiri yomwe. Sausunganso m'chimake cha chikopa kwa nthawi yaitali, poti chikopa chimakoka chinyezi.

Funso limene linkandivuta usiku wonse uja ndinalifunsa tikumwa tiyi. Mpeni uwu susenda mbatata bwino, chifukwa palibe msana woikapo chala. Susenda mbuzi, nsonga yake imaboola chikopa. Fairbairn ndi Sykes anaupangira ntchito imodzi, yopha munthu mwakachetechete, ndipo sanabise. Ife tikudziwa zimene mpeni umachita m'mabanja ndi m'malo omwera mowa, ndipo ku Britain komweko makolo ambiri alira ana awo obayidwa m'misewu. Kodi munthu wamtendere angakonde bwanji chinthu chotere?

"Ukunena zoona, mphwanga, ndipo amene amaiwala zimenezo asakhale nawo," anatero malume. "Ine ndikaugwira ndimaona anthu awiri, amene anaupanga ndi mnyamata amene anapatsidwa ali ndi zaka 19, akunjenjemera m'boti usiku. Sindiona ngwazi ya mufilimu."

Yankho limenelo silithetsa nkhani yonse, koma ndinalilandira chifukwa ndinaona mmene amakhalira nayo. Mipeni yawo imakhala m'kabati yokhoma, kiyi ali m'thumba mwawo. Siituluka m'nyumba pokhapokha akamapita ku chionetsero, itakulungidwa ndi kutsekeredwa m'bokosi. Lamulo la ku England la 1988 limaletsa kuyenda ndi mpeni pagulu popanda chifukwa chomveka, kupatula kampeni kopinda kosapitirira mainchesi 3, ndipo wolakwa angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 4. Malume amati lamulolo n'labwino, ndipo ine ndikuvomereza. Kuyamikira luso la mmisiri ndi chinthu china, kuyenda ndi dagger m'chiuno ku bala ndi chinthu chinanso, ndipo wochita chachiwirichi asadzitche wosonkhanitsa.

Tisanakagone anatulutsa womaliza, wokulungidwa m'kansalu kakekake. Anali Fairbairn-Sykes wa mbadwo wachitatu, wa mtundu wochuluka uja, wosadula kwenikweni. Utoto wa pachigumbu unali utatha pamalo pamene chala chachikulu chimakhala, mpaka chitsulo chotuwa cha mkati chikuonekera. Nsonga yake inathyokapo kalekale, ndipo wina anainolanso pamwala, mosalinganiza bwino, moti mpeniwo unafupika pafupifupi sentimita imodzi ndipo kamsana kake kanathera pambali pang'ono. Malume anaupeza pamsika wa zinthu zakale m'tauni ina ya ku Yorkshire, m'bokosi la masupuni ndi mafoloko.

"Uwu ndiye sindingagulitse," anatero. Anadontheza kadontho kamodzi ka mafuta pakansalu, napukuta tsaya loyamba, lachiwiri, natembenuza, lachitatu, lachinayi. Kenako anandipatsa kuti ndiukulunge ndine.